Chikomekome cha Mkuyu: Kusankha Oyilo wa Haidiroliki wa Thirakitala

Oyilo wa haidiroliki ndi amene amapatsa thirakitala mphamvu yonyamula pulawo, yopendeketsa ngolo kuti ikhuthule mchenga, ndiponso, pa mathirakitala ambiri, yokhotetsa chiwongolero mopepuka. Amakhala m'mimba mwa thirakitala, kuseri kwa injini, pansi pa mpando wa dalaivala, kumene diso silifika. Mwini thirakitala amamuona pomuthira, amamuonanso pang'ono pa kachitsulo koyezera, kenako amadzamuona tsiku lomukhetsa. Pakati pa masiku amenewa pamadutsa maola mazanamazana a ntchito, ndipo chilichonse chimene oyiloyo akuchita, chabwino kapena choipa, chimachitika mobisika. Tayala likatha limaoneka, batire ikafooka imadziwika m'mawa womwewo, koma oyilo wolakwika amatha kudya zitsulo kwa miyezi yambiri thirakitala ikuyendabe bwinobwino.

Munthu wa ku Chileka kapena ku Lirangwe akafuna oyiloyu amakumana ndi zigubu za mitundu iwiri. China chili ndi dzina la kampani yopanga mathirakitala kapena la kampani yodziwika ya mafuta, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. China chili ndi dzina lachilendo, mwina ndi chithunzi cha thirakitala yofiira pambali pake, ndipo mtengo wake ndi wokoma kumva. Zigubu zonse ziwiri n'zonyezimira, oyilo wa m'menemo amawala mofanana, ndipo chala sichingasiyanitse kuterera kwake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anaona kuti nkhuyu yakupsa, yofiira bwino pamtengo, munthu akaing'amba amapeza tizilombo tadzaza. Sananene kuti nkhuyu iliyonse yokongola ndi yowonongeka, ndipo sananene kuti yosakongola ndiyo yabwino. Anangochenjeza kuti khungu la chipatso silinena za m'kati. Nkhani yonse ya oyilo wa thirakitala yagona pa chenjezo limeneli.

Kuti munthu adziwe chimene akugula, ayenera kuyamba wadziwa ntchito imene oyiloyo akukagwira. Madzi ndi mafuta safinyika. Munthu akawakankha mbali imodzi ya payipi yotsekeka, mphamvuyo imafika mbali inayo osachepa. Mfundo imeneyi anailongosola Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600, ndipo mu 1795 Joseph Bramah wa ku England anapanga makina opsinjira zinthu potsatira mfundo yomweyo. Amene anaifikitsa kumunda mwa njira imene ikugwirabe ntchito mpaka lero ndi Harry Ferguson wa ku Ireland, amene anakonza mikono itatu ya kumbuyo kwa thirakitala yomangirirapo pulawo n'kumainyamula ndi mphamvu ya oyilo. Njira yakeyi inafala kudzera pa Ford 9N ya mu 1939 ndi Ferguson TE20 ya mu 1946. Kampani yake itaphatikizana ndi ya Massey-Harris mu 1953, panadzabadwa dzina la Massey Ferguson limene alimi a ku Malawi amalidziwa kwambiri.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Pampu imayamwa oyilo pansi pa giyabokosi n'kumukankhira mu silinda, ndipo silindayo imakweza mikono yonyamula pulawo. Pa mathirakitala ambiri mphamvu ya kukankhako imafika pakati pa 150 ndi 200 bar, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa 2 bar kapena kuposa pang'ono. Mipata ya pakati pa zitsulo za m'pampu ndi m'mavavu ndi yaing'ono kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Chimene chimaletsa zitsulozo kukhudzana ndi kachikuta kopyapyala ka oyilo. Kachikutako kakang'ambika, chitsulo chimayamba kudya chinzake, ndipo tizidutswa tosweka timayenda ndi oyilo yemweyo kukakanda zitsulo zina.

Pa mathirakitala ambiri a kumunda oyilo wa haidiroliki alibe thanki yakeyake. Oyilo yemweyo amasambitsa magiya, amadzoza ekiselo ya kumbuyo, amayendetsa pampu, ndipo pa mathirakitala ngati MF 375 ndi MF 385 amamizanso mabuleki amene anapangidwa kuti azigwira ali m'oyilo. Pa ena amanyowetsanso kilatchi ya shafiti ya kumbuyo yotchedwa PTO, imene imazunguza makina otongolera chimanga kapena pampu ya madzi. Ntchito zimenezi sizifuna zofanana. Magiya amafuna oyilo wopirira kupsinjika kwa mano a zitsulo. Pampu imafuna wosalemera kwambiri kuti iziyamwa mosavuta m'mawa wa chiperoni. Mabuleki amafuna woterera mwa muyeso: akaterera kwambiri buleki sigwira, akaterera mopereweza buleki imagwira modukizadukiza n'kumalira. Oyilo wokwanitsa zonsezi nthawi imodzi amalembedwa UTTO. Palinso wina wolembedwa STOU, amene pa mathirakitala ena amaloledwa kuthiridwa ngakhale mu injini.

Dera la Chileka ndi Lirangwe limamuyesa kwambiri oyilo. Kuchokera m'tsinde mwa phiri la Michiru kuloza ku Shire, ndiponso kutsata msewu wa M1 kudutsa Lunzu ndi Lirangwe mpaka ku Zalewa, mtunda umanka utsika ndipo kutentha kumanka kukwera. Mu Okutobala ndi Novembala, minda ikamagaulidwa kudikira mvula yoyamba, masana kumatentha kupitirira madigiri 30, dothi limakhala louma gwa, ndipo fumbi la pulawo limakuta thirakitala yonse. Oyilo akatentha amapepuka, kachikuta koteteza zitsulo kaja kamachepa. Akatswiri a mafuta amawerengera kuti oyilo akapitirira madigiri 60, madigiri 10 aliwonse owonjezera amafulumizitsa kukalamba kwake kawiri. Mvula ikagwa vuto limasintha: madzi amalowa kudzera pa timalabala tong'ambika ta m'munsi mwa ndodo za magiya, makamaka pa thirakitala yogona panja. M'chilimwe thirakitala yomweyo imakoka ngolo za mchenga, njerwa ndi miyala kupita kumene anthu akumanga, m'misewu ya fumbi ndi mabampu. Oyilo wake sapuma chaka chonse.

Kusowa kwa mathirakitala kumakulitsa nkhaniyi. Alimi ambiri a m'madera a Lirangwe, Lunzu ndi Kunthembwe amalima ndi khasu la m'manja, ndipo thirakitala imodzi imagaula minda ya mabanja ambiri amene amaichita hayala. Nthawi zambiri imakhala yakale, yogulidwa kwa mwini wina, buku lake litasowa kalekale. Ndalama yogulira oyilo nayonso ndi yovuta. Dziko la Malawi lilibe fakitale yoyenga mafuta, choncho oyilo amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chigubu chilichonse unakwera. Thirakitala yapakati imameza malita 25 mpaka 50 a oyilo pa kusintha kumodzi. Munthu amene wayang'ana mtengo wa zigubu ziwiri za malita 20 n'kutembenukira ku chotchipa si wopusa. Akuwerengera dizilo, malipiro a dalaivala, feteleza ndi fizi ya ana. Chimene chimafunika n'chakuti mawerengedwe akewo akhale athunthu.

M'chigubu chilichonse muli zinthu ziwiri. Gawo lalikulu ndi oyilo weniweni woyengedwa. Gawo laling'ono, limene ndilo lodula, ndi mankhwala owonjezera: oteteza zitsulo kuti zisadyane, oletsa thovu, oletsa dzimbiri, ochedwetsa kukalamba, osunga timalabala totseka mipata kuti tisaume, osunga kulemera kwa oyilo kukatentha, ndi oongolera kagwiridwe ka mabuleki. Mankhwalawa amapangidwa ndi makampani ochepa padziko lonse, monga Lubrizol, Afton, Infineum ndi Oronite. Makampani opanga mathirakitala sayenga mafuta. Amalemba zimene oyilo ayenera kukwanitsa, amamuyesa pa magiya ndi mabuleki awo, kenako amapereka ntchito yosakaniza kwa makampani a mafuta n'kumata dzina lawo pachigubu. Umu ndi mmene alili Hy-Gard wa John Deere, Hy-Tran wa Case, Ambra wa New Holland ndi UDT wa Kubota. Ndalama yowonjezera imene wogula amalipira imagula zinthu ziwiri: chitsimikizo chakuti oyiloyo anayesedwa pa makina omwewo, ndi dzina. Chitsimikizocho n'chamtengo wapatali. Dzina palokha silidzoza giya.

Zimene wopanga thirakitala amafuna zimalembedwa m'manambala, ndipo manambalawo ndiwo njira yokhayo imene wogula angasuzumirire m'kati mwa nkhuyu asanailume. John Deere ali ndi J20C. Massey Ferguson ali ndi M1135, M1143 ndi M1145. Ford ndi New Holland ali ndi M2C134-D. Pambali pa awa pamalembedwa kawirikawiri GL-4, kusonyeza mphamvu yoteteza magiya. Manambalawa amakhala kuseri kwa chigubu, m'zilembo zing'onozing'ono, pamene kumaso kuli chithunzi ndi mawu okopa. Kalembedwe kake nakonso kamasiyana. Zigubu zina zimanena kuti oyiloyo anavomerezedwa ndi wopanga thirakitala. Zina zimanena kuti amakwanitsa muyeso wakutiwakuti, ndipo apa wogula akudalira mbiri ya kampani ya mafutayo. Zina zimangoti ndi woyenera mathirakitala onse, osatchula nambala ngakhale imodzi. Chigubu chotere sichinalonjeze kanthu kamene munthu angadzachigwire nako.

Oyilo wotchipa ali m'magulu atatu, ndipo kulakwa kwakukulu ndi kuwaika onse m'dengu limodzi. Gulu loyamba ndi la oyilo wa UTTO wopangidwa ndi kampani yodziwika ya mafuta, wokhala ndi nambala imene buku la thirakitala likufuna, wogulitsidwa pa malo omwetsera mafuta kapena m'sitolo yovomerezeka. Ameneyu amatchipa chifukwa alibe dzina la wopanga thirakitala, koma ntchito amagwira yomweyo. Kumugula ndi nzeru, makamaka pa thirakitala imene nthawi ya chitsimikizo cha wogulitsa inatha kale.

Gulu lachiwiri ndi la oyilo wabwino koma wa ntchito ina. Oyilo wa haidiroliki wamba, wolembedwa 32, 46 kapena 68, anapangidwira makina amene oyilo wake amangokankha silinda, monga a m'mafakitale ndi ma lori opendeketsa. Manambala amenewa amangonena kulemera kwa oyilo pa madigiri 40, sanena za magiya kapena mabuleki. Akathiridwa mu thirakitala ya oyilo wophatikiza, pulawo imanyamuka bwinobwino ndipo mwini wake amakhutira, koma magiya ndi ekiselo akugwira ntchito opanda chitetezo chokwanira. Oyilo wolemera wa magiya a malori, wa 90 kapena 140 wolembedwa GL-5, amalakwitsa mbali ina: pampu imavutika kumuyamwa kukazizira, mabuleki a m'oyilo sagwira moyenera, ndipo mankhwala ake ena akatentha amadya tizitsulo tamkuwa ta m'giyabokosi. Oyilo wamba wa injini sanakonzedwere mabuleki a m'oyilo. Mafuta a mabuleki a galimoto ndiye sayenera kuyandikira n'komwe, chifukwa amatupitsa ndi kuwononga timalabala tonse.

Gulu lachitatu ndi la oyilo wosadziwika gwero lake: wopungulidwa mu diramu yopanda zolemba, wogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa, kapena wakale amene wangosefedwa kuti aoneke woyera. Kusefa kumachotsa zinyalala zooneka koma sikubwezera mankhwala amene anatha. Vuto limeneli si la maiko osauka okha. Ku America kwa zaka zambiri kunkagulitsidwa oyilo wotchipa wa m'ndowa zachikasu wolembedwa 303. Nambalayo inali muyeso wakale wa John Deere umene unasiyidwa mu 1974, ndipo oyilo wa muyeso woyambirirawo ankakhala ndi mafuta a anamgumi, amene analetsedwa. Popeza muyesowo unali utafa, panalibe choyezera, ndipo m'ndowamo munkalowa zotsalira za mafuta osiyanasiyana. Mu 2017 boma la chigawo cha Missouri, litayesa oyiloyo, linaletsa kumugulitsa, zigawo zina zinatsatira, ndipo alimi anakasuma kukhoti. Ngati alimi a dziko la malamulo okhwima ndi malabotale ambiri anapusitsidwa ndi ndowa yowala ndi nambala yopanda tanthauzo, mlimi wogula pamsika wa Lunzu ayenera kuchenjera koposa.

Mwambi wa mkuyu uja sukondera mbali imodzi. Chigubu cha dzina lotchuka nachonso chikhoza kukhala ndi nyerere. Oyilo wachinyengo amabisala kwambiri m'zigubu za mayina odula, chifukwa ndi mmene muli phindu. Chigubu chenicheni chikatha chimatha kudzazidwa ndi oyilo wina n'kutsekedwanso. Zizindikiro zake ndi chivindikiro chimene mkombero wake unaduka kale kapena unamatidwa, pepala losuluka kapena lomatidwa mokhota, kusowa kwa nambala ya gulu ndi tsiku lopangira, ndiponso mtengo wotsika mosamveka poyerekeza ndi wa kwa ogulitsa ovomerezeka. Munthu amene walipira ndalama zambiri pa chigubu chotere wataya kawiri. Choncho funso lakuti oyilo wagulidwa kuti ndi lolemera mofanana ndi lakuti walembedwa chiyani. Lisiti ndi chitetezo, chifukwa wogula wopanda lisiti alibe poyambira akafuna kudandaula kwa wogulitsa, ku Malawi Bureau of Standards kapena ku Competition and Fair Trading Commission.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kuwonongeka kobwera ndi oyilo wolakwika sikufika tsiku lomwe wathiridwa, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amachitira umboni oyilo woipa ndi mtima woona, kunena kuti anathira ndipo palibe chinachitika. Zizindikiro zimabwera chimodzichimodzi. Pulawo imanyamuka msanga m'mawa koma masana, oyilo atatentha, imakwera mozengereza. Ikasiyidwa m'mwamba injini itazimitsidwa, imatsika yokha mofulumira. Pampu imalira mokwiya, chizindikiro chakuti ikuyamwa mpweya kapena thovu. Mabuleki amanjenjemera ndi kulira pokhota kumapeto kwa mzere. Chiwongolero chimalemera. Pa kachitsulo koyezera oyilo amaoneka wotuwa ngati muli madzi, kapena wakuda ndi wonunkha kupserera. Pa pulagi yokhetsera pamapezeka tizitsulo tonyezimira. Zimenezi zikamaoneka, zitsulo zinayamba kale kutha, ndipo oyilo watsopano angachedwetse kuwonongeka koma sangabwezere chimene chadyeka.

Mawerengedwe athunthu amayamba pamenepa. Mabuku a mathirakitala ambiri amalamula kusintha oyilo ameneyu pakati pa maola 500 ndi 1,500 a ntchito, malinga ndi mtundu wa thirakitala. Kusiyana kwa mtengo wa oyilo woyenera ndi wosayenera kukagawidwa pa maola onsewo, kapena pa maekala onse amene thirakitala idzagaule, kumatsala kochepa pa ekala iliyonse. Mbali inayo kuli pampu yatsopano, mbale za mabuleki, magiya, malipiro a makaniko, ndi oyilo wina wodzaza thirakitala yonse, chifukwa woyambayo ayenera kutayidwa. Pa mathirakitala akale a Massey Ferguson pampu ili m'kati mwenimweni, ndipo kuifikira kumafuna kuchotsa chivindikiro cholemera cha pansi pa mpando. Zipangizo zikasowa ku Blantyre ndi ku Limbe zimaitanitsidwa kunja, ndipo masiku amapita.

Chotayika chachikulu ndi nyengo. Thirakitala siwonongeka itaima pansi pa mtengo mu Julayi. Imawonongeka ikamagwira ntchito yolemetsa kwambiri, kutentha kuli pachimake, ndipo nthawi imeneyo ndi milungu yochepa mvula yoyamba isanagwe. Mwini wake amataya ndalama ya chaka, koma si iye yekha wotaya. Mabanja amene analipiriratu amatsala ndi minda yosagaula, amabwerera ku khasu mochedwa, ndipo m'dera la mvula yochepa ndi yosadalirika ngati la Lirangwe, chimanga chobzalidwa mochedwa chimakumana ndi ng'amba chisanakhwime. Walira mvula walira matope: munthu amene wafuna thirakitala wavomeranso zosamalira zake, ndipo amene walandira ndalama ya hayala wasenza udindo pa zokolola za anzake.

Pali mathirakitala amene safuna oyilo wapamwamba kwambiri, ndipo kunena zimenezi ndi mbali ya chilungamo cha nkhaniyi. Ferguson TE20 inapangidwira oyilo wamba wa magiya wopanda mankhwala ambiri. MF 135, imene inayamba kupangidwa mu 1964, ndiponso MF 240, kawirikawiri zili ndi mabuleki ouma a kunja kwa ekiselo, choncho sizivutitsa pa nkhani ya kulira kwa mabuleki. Pa makina otere oyilo wa UTTO kapena STOU wa mtengo wapakati, wochokera ku kampani yodalirika, amakwanira. Mwini thirakitala yodontha amaganiza kuti kuthira oyilo wodula m'chinthu chotayikira pansi ndi kuwononga ndalama, ndipo amayamba kuwonjezera chilichonse chimene wapeza. Mapeto ake m'mimba mwa thirakitala mumakhala msakanizo wa mitundu inayi kapena isanu imene mankhwala ake sagwirizana. Kalabala kotseka podontha ndi kotchipa kuposa malita amene amatayika pa nyengo imodzi. Kutseka podontha ndiko kumayamba, kusankha oyilo n'kutsatira.

Safunsa anadya phula. Anali ndi chisa cha njuchi m'manja, koma posafuna kuoneka wosadziwa, anadya chosayenera n'kusiya uchi. Mafunso ofunika pa nkhani ya oyilo ndi ochepa. Kodi thirakitalayi ili ndi mabuleki ouma kapena a m'oyilo? Kodi haidiroliki ili ndi thanki yake kapena imagawana oyilo ndi giyabokosi? Kodi buku lake likutchula nambala iti? Buku likasowa, nambala ya thirakitala yodindidwa pa kambale kachitsulo imathandiza ogulitsa ovomerezeka kupeza yankho, ndipo mabuku a mitundu yambiri akupezeka pa intaneti. Makaniko wozolowera mathirakitala amadziwa zambiri, koma makaniko wa minibasi ndi malori akhoza kulangiza oyilo wa magiya kapena wa haidiroliki wamba mosadziwa kuti thirakitala ndi yosiyana. Wogulitsa m'sitolo afunsidwe kuti aloze nambalayo pachigubu. Akalephera kuiloza, yankho lapezeka.

Oyilo woyenera akagulidwa, ntchito sinathe. Akatswiri a haidiroliki amagwirizana kuti fumbi ndi madzi zimapha mapampu ambiri kuposa china chilichonse. Oyilo wodula wothiridwa ndi fanulo ya fumbi, kapena ndi chigubu chimene dzulo munali dizilo, watsika kale kufika pa mlingo wa wotchipa. Pamalo pothirira papukutidwe chivindikiro chisanatsegulidwe. Fyuluta isinthidwe pa nthawi yake, ndipo kasefa ka pakamwa pa pampu katsukidwe oyilo akamasinthidwa. Diramu yosungidwa panja choimirira imasunga madzi a mvula pamwamba pake, ndipo ikamatentha masana n'kuzizira usiku imawayamwa kudzera pa chivindikiro. Iyenera kukhala pamthunzi kapena kugonekedwa. Ngolo yobwereka ili ndi vuto lake losaoneka: silinda yake imakhala ndi oyilo wa thirakitala imene inaikoka komaliza, ndipo ikatsika itakhuthula katundu, oyiloyo amalowa mu thirakitala imene ikuikoka tsopano. Kumene ngolo imodzi imayenda pa mathirakitala angapo, eni ake amapindula akagwirizana mtundu umodzi wa oyilo. Milomo ya mapayipi olumikizira ipukutidwe ndi kuvindikiridwa nthawi zonse.

Pali njira zosavuta zoyesera oyilo pakhomo. Dontho lake likagwetsedwa pa chitsulo chotentha n'kuthetheka, muli madzi. Oyilo akaikidwa m'botolo loonekera usiku wonse, madzi ndi zinyalala zimadikha pansi. Dontho pa pepala loyera lokhuthala limasiya kadontho kakuda pakati ngati oyiloyo ndi wakale. Njirazi zimagwira oyilo wauve, koma sizingasonyeze ngati mankhwala oteteza magiya ndi mabuleki alimo. Zimenezo zimadziwika ku labotale kokha, ndipo mlimi amene sangafikeko amadalira nambala ya pachigubu ndi kukhulupirika kwa kumene wagula.

Oyiloyu amafunanso kusamala pa moyo wa anthu. Payipi yobooka pang'ono imatulutsa oyilo mwamphamvu yoboola khungu, ndipo bala lake, ngakhale likuoneka laling'ono, limafuna chipatala msanga chifukwa likhoza kudulitsa chala kapena dzanja. Podontha pafufuzidwe ndi katoni, osati ndi chikhato. Munthu asalowe pansi pa pulawo kapena ngolo yokwezedwa ndi oyilo yekha popanda chochirikiza. Oyilo wokhetsedwa asatayidwe m'munda, pafupi ndi mjigo kapena m'khwawa. Mitsinje ya Lunzu ndi Lirangwe imathira mu Shire, ndipo m'mbali mwake anthu amachapa, amamwetsa ziweto ndi kuthirira madimba. Oyilo wakale asungidwe m'chigubu chotsekeka cholembedwa bwino, kuti asadzabwererenso mu thirakitala kapena pamsika.

Choncho dongosolo la kusankha ndi ili. Choyamba ndi nambala imene wopanga thirakitala analamula. Chachiwiri ndi wogulitsa wodalirika, chigubu chosatsegulidwa ndi lisiti. Chachitatu ndi ukhondo pothira ndi posunga. Mtengo umabwera pachinayi, ndipo pakati pa zigubu zimene zakwanitsa zitatu zoyambazo, chotchipa ndicho choyenera kugulidwa. Thirakitala yatsopano imene ili pa chitsimikizo cha wogulitsa ithiridwe oyilo amene wogulitsayo walamula. Yakale ithiridwe UTTO kapena STOU wa nambala yoyenera, wa kampani iliyonse yodziwika. Oyilo wopanda nambala, wopungulidwa kapena wosadziwika gwero lake asalowe mu thirakitala iliyonse, ngakhale mtengo wake utatsika motani.